Mayi uja anaphunzitsapo pa Chanco n'kulemba za zipatala za atsamunda, alipo anamuwerengapo?

Tadala wa pa Chanco: Akuluakulu muli bwanji pa gulu pano. Ndili chaka chomaliza kuno ku Zomba, ndikupanga mbiri yakale, ndipo pepala langa lomalizira ndasankha za zipatala nthawi ya atsamunda ndi mmene zinkakhalirana ndi asing'anga. Supavaiza wandipatsa zoti ndiwerenge ndipo pamwamba penipeni pali mayi wina wa ku Britain, Megan Vaughan. Chandidabwitsa nchoti mayiyu anaphunzitsapo pompano pa Chanco nthawi ya Kamuzu, kenako anapita ku Oxford, Cambridge mpaka University College London, pulofesa wamkulu ndithu, koma ntchito yonseyo inayambira pa zathu zomwezi, njala ya 1949, chipatala cha amisala cha ku Zomba, odwala khate. Nde alipo anamuwerengapo? Komanso amene muli ndi agogo oti anagwirako ntchito m'zipatala za mishoni kapena anali asing'anga nthawi imeneyo chonde ndithandizeni, ndikufuna anthu ocheza nawo osati mabuku okhaokha.

Yamie: kkkkk munthu mpaka upulofesa ku Cambridge chifukwa cha njala yathu, eni ake njalafe tikadali pa ganyu

Aphunzitsi a ku Dowa: Yamie nthabwala zako nzabwino koma buku la njala lija uliwerenge kaye. Linatuluka 1987, The Story of an African Famine. Mafayilo a boma ankakamba za mvula, fodya ndi matumba a chimanga, iye anapita m'midzi ya m'boma la Blantyre kukamvera nyimbo zomwe amayi ankaimba pamtondo. M'nyimbomo ndi momwe munali nkhani yoti amuna ambiri anachoka ati kokasaka chakudya osabweranso, ndipo thandizo la boma linkafikira kaye amuna apantchito, mayi wosiyidwa ndi ana ankavutika kuti awerengedwe. Nthawi imeneyo ndani ankaganiza kuti nyimbo ya pamtondo ndi umboni woti nkulowa m'buku la ku yunivesite? Pamenepo pokha ine ndimamupatsa ulemu.

Tadala wa pa Chanco: Eya aphunzitsi limenelo ndaliona. Koma londikhudza kwambiri ndi la 1991, Curing Their Ills. Chizungu chake mmmm nchokhwima, tsamba limodzi kulibwereza mpaka mutu kuwawa.

Aphunzitsi a ku Dowa: Nchokhwimadi chifukwa akulimbana ndi maganizo a Foucault, katswiri wa filosofi wa ku France, koma mfundo yake njosavuta mwanawe. Akuti madokotala a atsamunda sankangochiza, ankapanganso chithunzi cha munthu wakuda m'mutu mwawo. Wodwala sankamuona ngati Phiri kapena Nangozo, ankaona mtundu, ati Ayao amadwala chakuti chifukwa cha mwambo wawo, Angoni chakuti. Umphawi, msonkho, thangata, amuna kuthera ku migodi, zonsezo zinkabisala kuseri kwa mawu oti chikhalidwe. Gawo la amisala ndi lomwe limandipweteka. Malo osungira amisala ku Zomba anatsegulidwa 1910 ngati mbali ya ndende, owayang'anira anali a ndende omwewo osati anamwino, chipatala chenicheni chinadzabwera 1953. Ndiye m'ma 1930 madokotala awiri, Shelley ndi Watson, anafufuza odwala mmenemo nkumati amene apita ku sukulu ndi kuzolowera zachizungu ndi amene mitu imazungulira msanga. Taganiza, sukulu akupatsa okha, ukayamba kufunsa mafunso akuti ndiwe wamisala.

Yamie: nde ku Chanco konseko mukanathera ku mental kkkk

Madala Gama: Zikomo mwana wanga Tadala pofunsa zimenezi. Ine ndinapuma ntchito kalekale, ndinali medikolo asisitanti, ndinaphunzira pa chipatala cha mishoni ndipo amene anatiphunzitsa ena anagwira ntchito ndi azungu boma la Nyasaland lisanathe. Bukulo sindinaliwerenge, maso anatha, koma zomwe akunena aphunzitsiwa nzoona mbali imodzi. Mbali inayo njoti amene ankagwira odwala tsiku ndi tsiku sanali azungu ayi. Dokotala wachizungu amakhala mmodzi boma lonse, pena osakhalako nkomwe, otsuka zilonda, obaya jakisoni, otanthauzira chinenero anali anthu akuda. Mukamalemba musamuiwale John Gray Kufa, anaphunzira zachipatala ku Blantyre Mission, munthu waluso, anaphedwa ndi boma 1915 pa nkhani ya Chilembwe. Musamuiwalenso Daniel Malekebu amene anamaliza udokotala ku Meharry ku America 1917, zaka 20 Kamuzu asanamalize pa sukulu yomweyo, nkubwerera 1926 kudzatsegulanso mishoni ya Chilembwe ija ya PIM ku Chiradzulu. Ana a masiku ano amangodziwa kuti dokotala woyamba anali Kamuzu basi.

Tadala wa pa Chanco: Zikomo kwambiri madala. Za Kufa ndinangomva pa nkhani ya Chilembwe, zachipatalazo ndizitsata.

Mdzukulu wa Ng'anga: Ine ndilowe ndi dandaulo. Agogo anga aamuna anali sing'anga wodziwika kwathu ku Ntcheu ndipo azakhali anga ndi amene anatenga thumba lawo. Bukulo ndinaliwerenga ndili ku koleji ndikuyembekezera kupezamo anthu ngati agogo, koma ayi ndithu, muli madokotala achizungu, amishoni, makanema ophunzitsa zaukhondo, sing'anga akungodutsamo chapatali. Mwini wakeyo sabisanso, bukulo ndi la mmene azungu ankationera ife osati mmene ife tinkachizirana. Chabwino. Koma nde mbiri ya zitsamba ilembedwa liti? Chifukwa ukapita ku National Archives ku Zomba konko sing'anga umamupeza pamalo amodzi okha, pa mlandu. Kuyambira pomwe anakhazikitsa lamulo la ufiti la 1911 lija, loletsa mwavi ndi kuloza munthu kuti ndi mfiti, DC akalemba za sing'anga ndiye kuti wamangidwa. Amene ankalunzanitsa mafupa, ochiza njoka, azamba, palibe anawalemba poti sanapalamule. Nde wolemba mbiri akadalira mafayilo amenewo zotsatira zake asing'anga onse amaoneka zigawenga.

Nabanda ku Leeds: Achimwene ndakumvani koma tisakometsere zinthu mopitirira. Ine ndine namwino, ndisanabwere kuno ndinagwira ku wodi ya ana kumudzi konko, ndipo ndinaona ana akubwera malungo atafika kale ku ubongo chifukwa makolo anayamba ataya masiku kwa sing'anga, ena impso zitaonongeka ndi zomwetsedwa zosadziwika muyeso. Mwavi womwewo unkapha anthu osalakwa, agogo okalamba makamaka, lamulo la 1911 likhale la atsamunda koma pamenepo linapulumutsa anthu. Ndipo mesa 2016 yomweyi khoti la ku Mzuzu linachita kuletsa asing'anga chifukwa cha kuphedwa kwa abale athu achialubino? Sikuti chilichonse chomwe mzungu analetsa chinali chabwino.

Mdzukulu wa Ng'anga: Achemwali apa nde mwachita zomwe ndikudandaulazo, mwaphatikiza onse mu thumba limodzi. Woombeza ula, wopereka zizimba za chuma ndi mayi wodziwa muwawani wa m'mimba ndi anthu osiyana, kumudzi aliyense amadziwa kusiyana kwake, amene sankasiyanitsa ndi DC. Azakhali anga mwana akabwera thupi likutentha amamuuza mayi ake kuti thamangani kuchipatala akamuyeze, iwo amatsala ndi zawo zomwe amazidziwa.

Nabanda ku Leeds: Azakhali anuwo ndi abwino, koma alipo angati otero? Vuto langa ndi muyeso basi. Kapu ya mmawa ndi kapu ya madzulo mphamvu yake siyifanana, khungwa la mu Okutobala ndi la mu Febuluwale silifanana.

Madala Gama: Ana anga nonse mukunena zoona, koma ndikuuzeni zomwe zinkachitika mu wodi. Odwala athu ambiri ukawavula malaya umapeza mphini zatsopano pachifuwa, pansi pa pilo pali kabotolo kochokera kumudzi, sisitere wachizungu akapeza ankakalipa nkutaya, ife tinkangoona ngati sitinaone bola asamwe limodzi ndi mankhwala athu. Wodwala sankaona ngati akusankha mbali ayi. Jakisoni ankamukonda kwambiri chifukwa anthu anaona ndi maso mmene ankapoletsera zilonda, ng'ala ya m'maso ankadziwa kuti mpeni wa dokotala ndiwo umatha, koma akati ndi tsempho kapena mdulo ankadziwa kuti ife tilibe nazo yankho, amapita kwa akuluakulu. Ndipo ogwira ntchito m'chipatala momwemo, madikoni a mpingo, usiku ankapita okha kwa sing'anga mwana akadwala modabwitsa. Izi sizili mu lipoti lililonse la pachaka la mishoni, ndani akanalemba zoti abwana ku Scotland awerenge?

Aphunzitsi a ku Dowa: Tadala, poti a Mdzukulu akufuna zitsamba, muuze supavaiza akupatsenso Markku Hokkanen. Ndi wa ku Finland, amaphunzitsa ku University of Oulu, anayamba ndi buku la 2007 la amishoni a Livingstonia, a Robert Laws aja anafika ku Cape Maclear 1875, kenako 2017 anatulutsa Medicine, Mobility and the Empire. Iyeyu ndi amene anatsata bwino nkhani ya kombe. Kombe ndi chomera choyanga chomwe Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankapangira ulembe wopaka ku mivi posaka nyama. John Kirk, dokotala yemwe anali pa ulendo wa Livingstone kuyambira 1858, anasunga ulembewo m'thumba momwe munalinso mswachi wake, mmawa potsuka mkamwa anamva kuwawa kenako anazindikira kuti mtima wayamba kugunda pang'onopang'ono. Zinatumizidwa ku Britain, Thomas Fraser wa ku Edinburgh anazifufuza zaka zambiri nkulengeza 1885 kuti ndi mankhwala a mtima, kampani ya Burroughs Wellcome nkuyamba kugulitsa m'mabotolo. Njere zinkachokera konkuno, otola m'tchire anali anthu athu, koma pofika pa botolo dzina la amene anaonetsa chomeracho linali litasowa kale.

Yamie: iiiii mswachi?? nde mankhwala a mtima anatulukira chifukwa mzungu anali wosasamala kkkkk

Chikondi Joni: Dikirani kaye, Wellcome yomweyi ya ku Queens?

Aphunzitsi a ku Dowa: Dzina ndi lomwelo. Henry Wellcome atamwalira 1936 chuma chake ndi chomwe chinayambitsa Wellcome Trust, yomwe lero imathandiza kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Ndipo ndi bungwe lomwelo lomwe limapereka ndalama zambiri kwa olemba mbiri ya zachipatala, kafukufuku wa Vaughan wa ku London wa matenda a mgonagona ngati shuga ndi BP mu Africa ndalama zake zinachokera komweko.

Mdzukulu wa Ng'anga: Mwaonatu. Anatenga kombe, nkupanga ndalama, ndalamazo nkulipira mzungu wina kuti alembe mmene anatengera kombe. Ife pamenepa tapeza chani?

Nabanda ku Leeds: Apa ndiye mwakokomeza achimwene. Chuma cha kampani ija sichinachokere pa kombe yekha, anali ndi mankhwala ambirimbiri, ndipo ana athu ku Blantyre akupindula ndi kafukufuku wa malungo ndi typhoid yemwe akuchitika pamenepo. Komanso Amang'anja ankagwiritsa kombe kuphera nyama osati kuchiza mtima, amene anapeza muyeso woti munthu amwe osafa ndi Fraser. Kombeyo akuvomerezana ndi ine, chomera chimodzi chomwecho chikhoza kupha kapena kuchiza, nkhani ndi muyeso. Kwinini naye anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America, LA wa malungo amene tikumwa kuyambira 2007 muli mankhwala ochokera ku chitsamba cha ku China chomwe Tu Youyou analandirira Nobel 2015. Kusiyana kwake nkoti anzathu a ku China anachifufuza okha chitsamba chawocho. Ife muwawani ndi gondolosi tikudikira ndani?

Mdzukulu wa Ng'anga: Fraser akanadziwa bwanji kuti m'tchire lonse la Shire chomera chogwira mtima ndi chimenechi pakanapanda alenje? Kusankha chomera, kudziwa kuti mphamvu ili mu njere, kapangidwe kake, imeneyo si sayansi? Nchifukwa chake pano kuli pangano la Nagoya la 2010 loti eni nzeru azipindula nawo. Koma zoti tizifufuza tokha ndikuvomera, a Jerome Msonthi anayesetsa pa Chanco pomwepo ku chemistry, kungoti ntchito zotere kwathu kuno zimathera pa munthu mmodzi.

Chikondi Joni: Ine zanga nzapafupi. Kuno ku Joni ukamayenda m'tauni timapepala tomata pa mapolo timalembedwa dokotala wochokera ku Malawi, olo munthuyo sanapondeko Mwanza nkomwe, chifukwa dzina la Malawi pa zitsamba limagulitsa. Ndinkadabwa kuti zinayamba liti mpaka madala ena kuno anandiuza kuti ndi za nthawi ya Wenela, agogo athu popita ku migodi ankanyamula mankhwala odzitetezera ku ngozi za pansi ndi oti kapitao aziwakonda, nde anthu a kuno ndi a ku Zimbabwe anayamba kuwaopa ndi kuwafuna. Tadala zimenezo zilimo m'mabukumo?

Tadala wa pa Chanco: Achimwene ndangoyang'ana pa intaneti la Hokkanen la 2017 lija, zikuoneka kuti za anthu opita ku migodi ndi mankhwala awo zilimo, ndikalifunsa ku laibulale mawa.

Abiti Saidi: Salaam nonse, ndimangowerenga koma apa ndiyankhuleko. Ine kwathu ndi ku Machinga ndipo 1995 ndinali mtsikana wamkulu ndithu pamene a Billy Goodson Chisupe ankamwetsa anthu mchape kufupi ndi Liwonde ati wochiza edzi. Zomwe ndinaona sindidzaiwala, mabasi, malole, magalimoto a boma, anthu a masuti, anamwino, azibusa, mashehe, onse pamzere ndi kapu m'manja kudikira madzi ofiirira aja. Sanachize munthu, tinaika maliro ambiri pambuyo pake, ena mwa omwe tinaima nawo pamzere. Koma musawaseke anthu aja. Nthawi imeneyo ma ARV kunalibe, kuchipatala ankangokuuza kuti pita kunyumba uzikadya bwino, nde munthu akanatani? Mwana wanga ukamalemba usalembe ngati anali anthu opusa.

Aphunzitsi a ku Dowa: Zoona mayi. Ndipo dzina la mchape silinayambe ndi Chisupe, m'ma 1930 kunabuka mchape wina kuchokera cha ku Mulanje, anyamata ovala zachizungu akuyenda ndi timagalasi ndi mabotolo kuchotsa ufiti m'midzi mpaka kukafika ku Northern Rhodesia. Kenako Chikanga ku Rumphi m'ma 1950 mpaka 1960, anthu ankachokera ku Tanganyika kumutsata. Ukaziika pamodzi umaona kuti zimabuka pomwe anthu apanikizika ndipo boma lilibe yankho. Pa zimenezi Tadala werenga John Lwanda, Mmalawi mnzathu, dokotala wa chipatala amene anadzapanganso PhD ya mbiri ku Edinburgh, buku lake la 2005 Politics, Culture and Medicine in Malawi. Iye nyimbo za pa wailesi amazitenganso ngati umboni, ndipo analembanso za chifukwa chomwe dziko lino linachedwera kukhala ndi madokotala akeake. Paja College of Medicine inatsegulidwa 1991, zaka 27 chilandirireni ufulu.

Yamie: nde bwanji supavaiza anaika mzungu pamwamba Lwanda pansi, utsamunda sunathe eti

Tadala wa pa Chanco: kkkk Yamie usandiyambanitse ndi supavaiza ndisanamalize. Lwanda alipo pa mndandanda. Koma funso lakolo landivutitsanso ine. Ndikaona ntchito ya mayi Vaughan, anali ndi nthawi yokhala mu akaivi miyezi, ndalama zopitira ku London ndi ku Oxford komwe kuli mapepala ena a Nyasaland, tchuthi cholembera buku. Aphunzitsi athu kuno kalasi imodzi anthu mazana, malipiro ochepa, akapeza mpata amathamangira ka ntchito ka bungwe kuti ana adye, buku alilemba nthawi yanji? Si nkhani ya nzeru ayi. Ndipo mabuku enieniwo mtengo wake ndi wa mapaundi, laibulale ili ndi kope limodzi lothothoka masamba lomwe tonse tikulimbirana.

Nabanda ku Leeds: Curing Their Ills ndikhoza kulipeza logwiritsidwa kale ntchito kuno motchipa, ndipatsira munthu wobwera kumudzi mwezi wa mawa. Ukamaliza ukalisiye ku dipatimenti anzako awerengenso.

Tadala wa pa Chanco: Mwandithandiza kwambiri anti, Mulungu akudalitseni.

Aphunzitsi a ku Dowa: Chinanso udziwiretu, mapepala ambiri a boma a zaka zoyambirira anapsa pomwe ofesi yaikulu ya boma ku Zomba inagwira moto 1919, nde za m'mbuyo mwa chaka chimenecho udalira kwambiri za mishoni, ndipo za Livingstonia zambiri zili ku Edinburgh. Ine ndikanakhala iwe ndikanatenga zaka za m'ma 1940 mpaka 1964, mafayilo alipo komanso anthu oti anaona ndi maso akadalipo owerengeka. Usankhe boma limodzi, osati dziko lonse, pepala la digiri yoyamba silinganyamule zonsezi.

Mdzukulu wa Ng'anga: Ukasankha Ntcheu ndikulumikizitsa ndi azakhali, koma ndikuchenjezeretu. Usakafike ndi kope nkuyamba kufunsa kuti mtengo wakuti mumasakaniza ndi chani, akakuthamangitsa, anabwerapo ena ndi mafomu awo nkutenga mayina a mitengo osabweranso. Ukafunse za agogo, mmene ankabisira thumba mesenjala wa DC akamabwera, ndani ankabwera kudzachizidwa usiku, ankalipira chani. Zimenezo akakuuza mpaka dzuwa kulowa. Ndipo ukalemba ukawawerengere mu Chichewa usanapereke kwa supavaiza.

Madala Gama: Nanenso ubwere mwana wanga, ndili ku Zomba konkuno, mdzukulu wanga akutumizira nambala kumbali. Ndili ndi kope la zomwe tinkalemba pophunzira, ndi satifiketi ya malemu amene anandiphunzitsa kubaya jakisoni, ya nthawi ya Federation. Ubwere mmawa, masana ndimagona. Kujambula mawu ujambule koma mayina a odwala sinditchula, ena ana awo ndi mabwana m'boma muno.

Abiti Saidi: Ukamaliza kwa madala udzafike kuno ku Machinga, kuli amayi awiri anali azamba boma lisanawaletse 2007, mmodzi anabadwitsa pafupifupi mudzi wonse. Koma Chichewa chawo nchochepa, udzabwere ndi mnzako womva Chiyao.

Tadala wa pa Chanco: Mnzanga wa m'chipinda ndi wa ku Mangochi, ndimunyengerera. Madala ndibwera Loweruka mmawa ngati mulipo. A Mdzukulu za Ntcheu ndiyankhule kaye ndi supavaiza Lolemba chifukwa pakufunika kalata ya chilolezo ndisanayambe kufunsa anthu, ndikuuzani akavomera.

Yamie: kwa azakhaliko mukanditengereko gondolosi, nanenso ndili ndi kafukufuku wanga